Manja Ozolowera Nkhope za Akufa

Amayi aang'ono anagwira ntchito yokonza nkhope za anthu akufa kuyambira ine ndisanabadwe mpaka tsitsi lawo litayera. Ndikuti yokonza nkhope chifukwa iwo sankafuna kuti tizinena kuti amasambitsa mitembo. Osambitsa analipo ena, amuna awiri amphamvu zawo. Iwo ankalandira munthu atasambitsidwa kale, atagonekedwa patebulo lachitsulo, ndipo gawo lawo linali kuyambira pakhosi kupita kumutu: kutseka maso, kutseka pakamwa, kupesa tsitsi, ndi kudzoza khungu kuti abale akabwera kudzaona nkhope asabwerere m'mbuyo. Ankagwira pakampani ina yosunga mitembo ndi kugulitsa mabokosi, ndipo ankagona m'kachipinda kakuseri, khoma limodzi ndi mafiriji.

Kunyumba kwathu sitinkawatchula kawirikawiri. Amayi anga, omwe ndi akulu awo, anakalambira m'sitolo ya nsalu, kumene wogulitsa akapanda kuwala nsalu nazo siziyenda. Wina akafunsa za mng'ono wawo ankangoti, "Ali ku zachipatala," n'kusintha nkhani. Achimwene anga ankawatcha Mayi Firiji, ndipo dzinalo linamata. Sanakwatiwepo. Ndinamva kuti panali dalaivala wina amene ankawafuna, koma tsiku lina akumukonza kolala ya shati, anamukankha chibwano ndi chala kuti pakamwa patsekeke, osadziwa n'komwe kuti achita zimenezo. Munthuyo sanabwerenso.

Atapuma pantchito, kachipinda kaja anapatsidwa wina. Analibe kwina kolowera, choncho anafika kwathu ndi sutikesi, beseni, ndi kabokosi kachitsulo ka zipangizo zawo. Nthawi imeneyo ine ndinali nditabwerera kwa amayi, banja langa litatha. Amayi anaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Ukhala mongoyembekezera," anatero amayi. "Ukangondinyansa, upita. Wamva?"

"Ndamva, achemwali."

"Ndipo kabokosi ako kasatuluke m'chipinda."

Malamulo ena anabwera okha. Anawapatsa mbale yawoyawo, ndi kapu imene amayi anaipaka kadontho ka polishi wa zikhadabo kuti isasokonekere. Thaulo lawo linkayanikidwa lokha kumapeto kwa waya. Kukhitchini ankaloledwa kusesa, koma osagwira chakudya. Sindinganene kuti ndinkawamvera chisoni, chifukwa ndikhala ndikunama. Zovala zawo zinali ndi kafungo kozuna, ngati ka maluwa amene akhalitsa m'madzi, ndipo sikankachoka ngakhale zichapidwe bwanji. Zala zawo zinali zazifupi, zikhadabo zowengedwa mpaka pamnofu, m'manja motuwa chifukwa cha magolovesi ndi mankhwala. Akandipatsira chinthu, ndinkachilandira ndi nsonga za zala. Choipitsitsa chinali kayang'anidwe kawo. Ukamalankhula nawo sankakuyang'ana m'maso, ankakuyang'ana chibwano, mphuno, zikope, pang'onopang'ono, ngati telala amene akuyeza nsalu. Tsiku lina tikumwa tiyi anandiuza mwaulemu ndithu kuti, "Iwe mwana wanga, pakamwa pakopa padzavuta kutseka. Mano akutsogolowa." Buledi amene ndinali nditaluma ndinamubwezera m'mbale.

Iwo ankadziwa kuti malo awo m'nyumbamo ndi osakhazikika. Sutikesi sanaitsitsemo zovala zonse. Ankayenda mwakachetechete, ankatsuka kapu yawo okha, ndipo amayi akadutsa m'kanjira ka m'nyumba ankadziphatika kukhoma kuti asakhudzane.

Zinthu zinasintha atamwalira mayi wa pagolosale, amene ankakhala tsidya lina la msewu wathu. Mayiyu ndi amayi anga anapikisana kuyambira ali atsikana: pa zipewa, pa nsapato, pa amene khungu lake likusalala kuposa mnzake. Kuukalamba, kunena zoona, amayi ndi amene ankaoneka kuti apambana. Mnzawoyo nkhope yake inali itafota ngati pepala limene munthu walifinya m'manja, masaya atalowa, ndi madontho akuda pachipumi. Amayi ankati akamuona akutsegula golosale, ankabwerera m'nyumba akuimba nyimbo.

Ana a malemuyo anabwera kudzapempha kuti amayi aang'ono akakonze nkhope ya mayi awo. Iwo anatenga kabokosi kaja n'kupita. Tsiku loona nkhope ndinali pamzere kumbuyo kwa amayi anga. Azimayi amene anali patsogolo pathu ankati akasuzumira m'bokosi, kulira kunkaduka kaye. Ndinamva wina akunong'ona kuti, "Koma ndi yemweyu? Wabwerera kuutsikana!" Nditafika ndinaona ndekha. Masaya anali atadzaza, chipumi chili see, khungu likuwala pang'ono ngati la munthu amene wangochoka kosamba. Amayi anaima pamenepo nthawi yaitali mpaka mzere unapindika. Anthu ankaganiza kuti ndi chisoni. Ine amene ndimawadziwa ndinaona kuti ndi nsanje, ndipo ndinachita manyazi.

Titabwerera kunyumba anakakhala pagalasi, akukoka masaya awo m'mwamba ndi zala, kuwasiya, kuwakokanso. Mabotolo awo a mafuta ogula kusitolo anali ndandanda patsogolo pawo. Patapita masiku angapo, tili patebulo, anafunsa osayang'ana munthu.

"Unamupaka chiyani uja?"

"Ndani, achemwali?" anafunsa amayi aang'ono.

"Usadzipusitse. Wa pagolosale."

"Timafuta tanga tomwe tija. Ta bulugamu, ta sinamoni, ta makoko a mandimu. Ndi lavenda pang'ono. Komanso thonje m'masaya."

"Za thonjezo zisiye. Timafutato tilipo?"

Ine ndinaika sipuni pansi. "Amayi, mukufuna kudzola za anthu akufa?"

"Ndi za zomera," anatero amayi. "Akazi a mabwana amagula zomwezi m'timabotolo, ndinkawaona kusitolo. Kapena iwe ukufuna ndizioneka wokalamba kuposa mtembo?"

Amayi aang'ono anavomera ndi mutu. Kuyambira ali ana, akulu awo anali asanawapemphepo chilichonse.

Anachita zimenezi Loweruka m'mawa. Vuto loyamba linali lakuti amayi aang'ono sankatha kugwira nkhope ya munthu wokhala pampando. Anayesa, manja anasokonekera, anati sakuona bwino pamene ayambire. Pabedi anati ndi pofewa kwambiri ndiponso pamunsi. Mapeto ake amayi anga, munthu amene sankalola ngakhale chigongono patebulo lodyera, anakwera patebulo lomwelo n'kugona chagada. Amayi aang'ono anapinda thaulo n'kuliika pansi pa khosi lawo, anawaongola miyendo, kenako anawasanjikiza manja pachifuwa.

"Manja anga asiye," anatero amayi.

"Pepani. Kuzolowera."

Atatsegula kabokosi, fungo lija la m'zovala zawo linadzaza chipinda chonse, koma lamphamvu moti linkamveka ndi lilime lomwe. Munali timabotolo takuda tolembedwa mawu amene anafufutika kalekale, mpukutu wa thonje, kapani kozulira tsitsi, singano yopindika ili ndi ulusi wake, ndi chipeso chimene m'mano mwake munali tsitsi la imvi la anthu osawadziwa.

"Chipesocho chinatsukidwapo?" ndinafunsa ndili pakhomo, mpango uli pamphuno.

"Amene ndinawapesera sanadandaulepo," anayankha motero, ndipo sankaseka.

Anayamba kuvala magolovesi, koma amayi anadzutsa mutu. "Ndine mtembo ine? Vula zimenezo." Anavula. Anaika zala zawo pachipumi pa akulu awo, n'kuzichotsa msanga ngati agwira mphika.

"Mwatentha, achemwali."

"Ndili moyo, chitsiru iwe. Yamba."

Pano ndiyenera kufotokoza chinthu chimene tonse m'chipindamo sitinkachidziwa, ndipo tinachimva pambuyo pake kuchipatala. Mafuta onunkhira a m'timabotolo totere ndi aukali kwambiri. Munthu wamoyo sayenera kuwadzola okhaokha. Amathira kadontho m'mafuta wamba, monga a mpendadzuwa kapena a kokonati, n'kuyesa kaye pamkono, makamaka ngati ndi wachikulire, poti khungu lake limakhala litapyapyala. Amayi aang'ono kuntchito kwawo sankasakaniza ndi chilichonse. Kumeneko mafuta akakhala aukali ndiye bwino, amaphimba fungo, ndipo khungu silinatupepo, silinafiirepo, mwini wake sanakuwepo. Pathupi pawo sankadzola za kuntchito, ankangosamba ndi sopo wochapira basi. Zaka zonsezo anali asanaonepo zimene mafutawa amachita pamnofu umene muli magazi oyenda.

Anadonthezera m'dzanja la bulugamu, la sinamoni, la mandimu, la lavenda, mowolowa manja, n'kuyamba kusisita kuchokera pachibwano kukwera m'masaya. Ndivomereze kuti manja awo ankadziwa njira. Ankayenda mofatsa, osadumpha khwinya ngakhale limodzi.

"Kukuwotcha," anatero amayi.

"Musasunthe."

"Ndati kukuwotcha!"

"Makwinya anuwa ambiri ndi a pakamwa, achemwali. Mukanangokhala chete ngati anzanu." Polankhula choncho dzanja lawo lamanzere linapita lokha pachibwano n'kutseka pakamwa pa amayi, lamanja linatsina kathonje n'kukalowetsa m'mphuno. Amayi anayetsemula mwamphamvu, kathonje kanagwera m'mbale ya shuga, ndipo mbama inalira padzanja la mng'ono wawo.

"Ukufuna undiike m'manda lero lomwe?"

"Pepani, pepani. Kuzolowera."

Shuga yense uja ndinakamutaya ndi mbale yomwe.

Atatsika patebulo anathamangira pagalasi. Nkhope inali itafufuma pang'ono, makwinya atabisala, khungu likunyezimira. Sitinadziwe kuti kumeneko ndiye kuyamba kwa kutupa. Amayi anamwetulira, anavala ndolo, anatenga mpando n'kukakhala panja, padzuwa, moyang'anizana ndi golosale yotseka ija, kuti odutsa awaone. Amayi aang'ono anaima pawindo akuwayang'ana, manja awo atawagwira pachifuwa ngati anyamula kanthu kosweka.

Dzuwa lisanapendeke nkhope inali itafiira mpaka m'makutu. Kutacha, maso anali timing'alu chabe, milomo itatupa, ndipo masaya ndi chipumi zinali matuza okhaokha, ena ataphulika kale n'kumachucha madzi achikasu. Nsalu ya pilo inamatirira patsaya, moti powadzutsa ananyamuka nayo. Fungo la sinamoni linasakanikirana ndi la chilonda. Mpaka lero ndikadutsa pamene akuphika mabanzi a sinamoni ndimawoloka msewu.

Tinapita nawo kuchipatala tonse atatu. Namwino, mayi wonenepa wa magalasi, anawaunika nkhope n'kufunsa chimene anadzola. Amayi aang'ono anatchula mafuta onse anayi.

"Munasakaniza ndi chiyani?"

"Palibe."

"Okhaokha? Kenako n'kukakhala padzuwa ndi a mandimu? Wawapaka ndani?"

"Ndine," anatero amayi aang'ono.

"Munayamba mwapakapo munthu wina, mayi?"

"Ambiri zedi."

"Osatupa?"

"Ngakhale mmodzi."

Namwino anavula magalasi, osamvetsa. Apo amayi anga analankhula movutikira ndi milomo yotupa ija: "Anali akufa." Namwino anatembenukira kukabati ya mankhwala, ndipo ndinaona mapewa ake akugwedezeka. Atabwerera anatifotokozera zonse zija ndanena kale, anatipatsa mankhwala opaka ndi nsalu zomangira, n'kutiuza kuti zilondazo zizitsukidwa m'mawa ndi madzulo ndi madzi owiritsa othira mchere pang'ono. Anati matuza asaboolewe, ndipo tikalekerera mafinya alowa.

Achimwene anafika masana omwewo atamva pafoni. Analowa kuchipinda kwa amayi, anayang'ana kamodzi, anatuluka n'kukalavula kuseri kwa nyumba. Atabwerako anayamba kukuwa ali pabalaza.

"Ndinanena ine! Mayi Firiji achoke m'nyumba muno. Lero ayamba nkhope, mawa atiyeza bokosi tili m'tulo. Ndiwapezera kachipinda kwina, ndibwera ndi galimoto."

"Alongedze," anatero amayi ali kuchipinda.

Amayi aang'ono analowa m'chipinda chawo, anatseka sutikesi ija, anamanga beseni ndi chingwe, n'kukhala pamphepete pa bedi atavala nsapato.

Ntchito yotsuka zilonda inagwera ine. Ndinawiritsa madzi, ndinasamba m'manja, ndinakhala pambali pa amayi. Nsalu imene namwino anamanga inali itauma n'kumata. Nditaikoka pang'ono inabwera ndi kachikopa, pansi pake pali pofiira, ponyowa, ngati nyama ya pabutchala. Amayi anakuwa. Ine ndinangofika pasinki ndi mwayi, n'kusanza. Nditabwerera, misozi yawo inali ikuyenderera m'zilonda momwemo, ndipo ntchentche imodzi inali itapeza kale njira. Ndinayesanso, ndinalepheranso.

"Ndipatse, mwana wanga."

Anali amayi aang'ono, ataima pakhomo, manja a bulauzi atapinda kale.

"Usandikhudze iwe," anatero amayi.

"Ndiye muwola, achemwali. Ndikudziwa mmene zimayambira. Zimayambira m'mbali mwa mphunomu."

Kenako amayi anatembenuzira nkhope kudenga n'kutseka timaso tawo totupa. Amayi aang'ono anakhala pamalo panga. Sanakoke nsalu. Anainyowetsa ndi thonje, kudikira, kuinyowetsanso, mpaka inanyamuka yokha. Anapukuta madzi achikasu aja mmene munthu amapukutira tiyi wotayikira patebulo, nkhope yawo osasintha ngakhale pang'ono. Anawerama pafupi kwambiri n'kununkhiza chilondacho, ndipo ine ndinayang'ana kumbali. "Sichinayambe kuwola," anatero. Atafika pachipumi anaima, ngati munthu amene akufunafuna mawu a chilankhulo chachilendo.

"Kukupweteka?"

"Ukuganiza bwanji?"

"Sindinafunsepo munthu zimenezi. Muziti mukamva kuwawa muzinena."

"Ndinanena Loweruka, unanditseka pakamwa."

Kuyambira pamenepo ankawatsuka m'mawa ndi madzulo. Ndinazindikira kuti kuntchito kwawo ankalankhula ndi anthu awo aja, chifukwa ankangoyamba okha: "Tembenukani pang'ono, mayi. Eya, mwachita bwino." Kusiyana kwake kunali kwakuti tsopano ankayankhidwa, ndipo mayankho ambiri anali mwano. Ankaulandira mwanowo ngati munthu amene wapatsidwa mphatso. Pilo wodetsedwa ankachapa okha. Nsalu zomata mafinya ankazitola ndi manja osavala kanthu, kenako n'kudzandifunsa ngati ndikufuna andithandize kusenda mbatata. Ndinkakana mwaulemu.

Zilonda zinapola, koma nkhope sinabwerere mwakale. Masaya anatsala ndi zigamba zakuda, chipumi chinayera mwina ndi mwina, ndipo makwinya onse anabwerera pamalo pake osasowa ndi limodzi lomwe. Khungu latsopanolo linkauma n'kumasuwa ngati mamba, timakoko take n'kumagwera pakolala. Titabwerera kuchipatala namwino anati azidzola mafuta wamba a mpendadzuwa, ndipo ngati akufunabe kafungo, kadontho kamodzi ka lavenda m'kabotolo konse, atayesa kaye pamkono. Amayi aang'ono anasakaniza monga anauzidwa, anapaka pamkono pawo, n'kukhala tsiku lonse akupayang'ana. Kupatula m'manja mwawo molimba muja, aka kanali koyamba kuti za m'kabokosi kaja zikhudze thupi lawo.

Achimwene anabwera ndi galimoto monga analonjezera. Anati kachipinda kapezeka kuseri kwa galaja ya mnzawo. Amayi aang'ono anatulutsa sutikesi ndi beseni n'kuziika pakhomo, kabokosi kachitsulo atakapanira m'khwapa. Amayi anali pampando pabalaza, nkhope ili mawangamawanga, akuyang'ana khoma.

"Tiyeni, Mayi Firiji," anatero achimwene. "Mafuta a galimoto akutha."

"Akapita azindipaka ndani?" anafunsa amayi. "Iwe? Unalavula kuseri kwa nyumba yanga, ndinakumva. Kapena mlongo wakoyu, wothamangira kusinki?"

"Koma amayi, ndi amene anakuwotchani."

"Ndikudziwa amene anandiwotcha. Wawononga, akonze yekha." Anatembenukira kwa mng'ono wawo. "Iwe, bweza katunduyo. Ukutsekereza khomo."

Amayi aang'ono anaima kaye ngati sanamve. Kenako ananyamula sutikesi n'kubwerera nayo kuchipinda, ndipo tinamva akutsegula kabati ndi kukoka mahang'ala. Achimwene anapukusa mutu, analiza galimoto n'kumapita.

Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, amayi anagona pasofa kuti adzozedwe, poti patebulo ndinakaniza. Ndinali pafupi ndikusita zovala. Amayi aang'ono anatenthetsa mafuta m'manja mwawo pofikisa, chinthu chimene anaphunzira atadandaulidwa kuti zala zawo zikuzizira.

"Tsiku langa likadzafika," anatero amayi maso ali otseka, "udzandikonze iweyo. Osati ana a masiku anowa. Zigamba izi udzazibise. Ndidzaoneke bwino kuposa uja wa pagolosale."

"Zidzatheka, achemwali. Mukadzangosiya kulankhula, zina zonse n'zosavuta."

"Ndipo sinamoni ayi."

"Nthawi imeneyo sadzakuwotchani."

"Ndati ayi!"

Akukhalabe nafe mpaka pano. Kapu yawo ikadali ndi kadontho kake ka polishi, ndipo thaulo likuyanikidwabe kumapeto kwa waya, koma m'kanjira ka m'nyumba sadziphatikanso kukhoma. M'mawa uliwonse amadzoza akulu awo, akukangana. Tebulo lija ndinalitsuka ndi sopo, ndi madzi otentha, ndi mankhwala a m'bafa, ndinaliyala nsalu yatsopano. Iwo awiri amadyerapo bwinobwino. Ine ndimadyera pamiyendo, kukhitchini, nditafulatira chitseko, chifukwa ndikakhala patebulopo amayi aang'ono amayambanso kundiyang'ana chibwano.